Tebulo Lalitali Linandiwonongera Dzanja

Dzanja langa lamanja linasiya kugwira ntchito mu Okutobala 1998, ndipo chimene chinaliwononga ndi tebulo lotalika masentimita 105 pamodzi ndi mausi ya kompyuta yodzaza fumbi. Kwa miyezi isanu ndi umodzi ndinaletsedwa kutsitsa tebulolo, ndinaletsedwanso kutsegula mausiyo. Sindinalodzedwe. Sinali nyamakazi. Sanalinso matenda aja amene anthu anayamba kunong'onezana ataona ndikupitapita kuchipatala. Nkhaniyi ndailemba masiku asanu ndi limodzi, chifukwa adokotala sandilola kugwira ntchito ya zala kupitirira theka la ola osapuma. Kale ndikanaimaliza dzuwa lisanafike pamutu.

Ndine Mai Phiri, ndimakhala pa boma la Chadiza, kwathu ndi ku Zemba. Ndinagwira ntchito zaka zisanu ndi ziwiri ku nyuzipepala ina ku Chipata, ndikulemba nkhani pa makina otaipira achitsulo, olimba mabatani, ndipo dzanja silinandipwetekepo ngakhale tsiku limodzi. Nyuzipepalayo itachepetsa antchito ndinabwerera kuno, kumene amuna anga amaphunzitsa pa sukulu ya pulayimale. Mu 1997 ndinalembedwa ukalaliki pa bungwe lina lokumba mijigo m'midzi. Mkulu wa ofesi yathu ndi a Tembo.

Kompyuta inafika mu Epulo 1998. Anabwera nayo ndi katswiri wa bungwelo wochokera ku Lusaka. Tsiku lopereka kunabwera alendo, ndipo alendo amafuna chithunzi. Matebulo athu onse anali aafupi, ndiye kuti alendowo asawerame pojambulidwa, amuna anayi ananyamula tebulo la m'sitolo yakale ya mbewu, lija wogulitsa amaimirira kuseri kwake, n'kulilowetsa m'chipinda changa. Katswiriyo anaika kompyuta pamenepo. Alendo anaima mozungulira, wina anagwira mausi, chithunzi chinajambulidwa, tinaomba m'manja. Katswiriyo anandiphunzitsa masiku awiri, tonse chiimirire. Pochoka anauza a Tembo kuti aisamale, chifukwa maofesi a bungwe m'maboma ena ankaililira, ndipo ikangowonongeka ina sidzabweranso.

Mawu amenewo a Tembo anawasunga mumtima. M'mawa mwake anabwera ndi kachitini ka penti yofiira, najambula mizere kuzungulira chinthu chilichonse pamene katswiri anachisiya: bokosi, galasi, kiyibodi, ndi kamphasa ka mausi, kamene kanali kungodya ya kumanja, patali, chifukwa chingwe chinali chachifupi. Pakhoma anamata pepala loti palibe wololedwa kusuntha, kutsegula kapena kukonza katundu wa bungwe popanda chilolezo cha ku Lusaka.

Kwa amene sanaionepo, mausi ndi kachipangizo kokwana m'chikhatho, kokhala ndi mabatani awiri pamwamba ndi kampira kunsi kwake. Ukakayendetsa patebulo, kamuvi kamayenda pagalasi la kompyuta. N'kopepuka kwambiri. Kupepuka kwakeko ndi kumene kunachititsa kuti aliyense, ngakhale ine mwiniwake wa dzanja, asakhulupirire kuti kangavulaze munthu.

Mpando wanga unali wathabwa, wa masentimita 43. Ndinayeza pambuyo pake ndi tepi ya telala. Ndikakhala, mphepete ya tebulo inkandifika pachifuwa. Kuti ndifikire mausi ndinkakweza phewa, kutambasula mkono wonse, mfundo ya dzanja n'kutsamira pa mphepete yakuthwa ya thabwa, dzanja litapindika ngati khasu. Ndinayesa kugwira ntchito chiimirire, koma ndinali ndi mwana woyamwa wa miyezi isanu, Tiyamike, ndipo msana unali usanabwerere m'malo mwake. Ndinayesa kukhalira mafayilo, a Tembo anati mafayilo nawonso ndi katundu wa bungwe. Ndinalemba kalata yopempha mpando wautali kapena tebulo lalifupi. Anati aitumiza ku Lusaka.

Ntchito yake inali ya mapu. Anthu a m'midzi ya ku Zemba, Pembamoyo ndi Mlolo ankajambula midzi yawo pansi ndi phulusa, miyala ndi zitsononkho, kusonyeza nyumba, njira, madambo, manda ndi malo a dambwe amene mjigo suyenera kuyandikira. Anzathu a kumidzi ankakopera zimenezi pa mapepala aakulu. Ine ndinkayenera kuzijambulanso mu kompyuta. Mapu anali 64. Kujambula mzere uliwonse kunkafuna kuti ndikanikize batani ndi chala chamkombaphala, osachichotsa, uku ndikukoka mausi mpaka mzere uthe. Kanjira kamodzi kokhotakhota kopita kudambo kankatha mphindi zingapo chala chili chikanikizire.

Kompyuta inkayendera jenereta ya ofesi, imene inkalizidwa kuyambira 8 koloko mpaka 1 koloko masana. Maola asanu amenewo munalibe kupuma. Ndikangoimirira kuti ndiwongole mkono, a Tembo ankasuzumira pakhomo.

“Mafuta akupsa, Amai Phiri.”

Chizindikiro choyamba chinabwera kumapeto kwa Meyi. Chala chachikulu, chamkombaphala ndi chapakati zinayamba kuchita ngati mukuyenda nyerere. Ndikakutumula dzanja zinkasiya. Mu Juni, nyengo yozizira, ndinayamba kudzuka m'mawa dzanja lili dzanzi, ndipo ndinkati ndaligonera. Mwezi womwewo malole a thonje anayamba kudutsa pamsewu wa kutsogolo kwa ofesi, fumbi n'kumalowa pazenera, ndipo mausi inayamba kukakamira. Ndikaikoka, kamuvi kankaima, kenako n'kudumpha, mzere n'kuwonongeka. Njira yokha imene ndinapeza inali kuikanikiza mwamphamvu patebulo. Ndinatembenuza mausiyo ndipo ndinaona kachivundikiro kozungulira kampira kaja, kali ndi timivi tosonyeza kopotolera. Ndinawaonetsa a Tembo. Analoza pepala la pakhoma.

Mu Julayi ululu unakwera kufika pachigongono. Mu Ogasiti ndinalephera kufinya matewera, ndinaswa makapu awiri, ndipo pothira mchere m'ndiwo sindinkamva kuti ndatsina wochuluka bwanji. Ndinalemba kalata yachiwiri. Ndinakalankhulanso nawo a Tembo pamaso. Yankho lawo ndikulikumbukira liwu ndi liwu, chifukwa ntchito yanga yakale inali yosunga mawu a anthu.

“Amai Phiri, akazi anzanu ku Mlolo akutola thonje kuyambira mbandakucha mpaka dzuwa kulowa. Inu muli pamthunzi, mukusisita kanthu kopepuka ngati dzira. Mukufuna ndikawauze chiyani a ku Lusaka?”

Ndinachita manyazi. Ichi ndicho chimandikwiyitsa koposa zonse, ndipo apa ndikudzikwiyira ndekha. Ine amene ndinkafunsa akuluakulu mafunso ovuta, cholembera chili m'manja, ndinaweramitsa mutu n'kubwerera patebulo paja. Ndinaganizira mayi anga, amene alima moyo wawo wonse, manja awo ali ndi zipsera za khasu, ndipo ndinaona ngati kudandaula kwanga n'kudzikuza. Manyazi amenewo anandidyera miyezi iwiri.

Ndinapita ku chipatala cha pa boma mu Seputembala. Amene anandiona anachita mbali yawo. Anandifunsa ntchito imene ndimagwira, anandipatsa mankhwala opha ululu ndi mafuta opaka, ndipo analemba kalata yoti ndipume masabata awiri. Anatinso ngati sizisintha ndibwerenso adzanditumize ku Chipata. A Tembo anaiwerenga kalatayo, naipinda bwinobwino, n'kuiika m'dilowa. Sanakalipe. Anandiuza modekha kuti lole yokumba mijigo iyenera kulowa m'midzi mvula isanayambe, misewu isanafewe, ndipo okumba sangayambe popanda mapu.

“Mukapuma inu, a ku Zemba amwa madzi a m'dambo chaka chinanso. Mayi anu ali komweko, si choncho?”

Ndinapitiriza ntchito. Ndinalemba kalata yachitatu.

Mayi anga atamva anabwera okha, wapansi. Iwo anali ndi maganizo awo. Anati makina amenewo ankawafuna ambiri, ndipo dzanja silimangofa lokha. Ndine wa mpingo, koma ndinatopa, ndipo sindinafune kukangana ndi munthu amene wayenda mtunda wonsewo chifukwa cha ine. Ndinawalola kunditemera mphini zisanu ndi imodzi pamfundo ya dzanja. Sizinathandize. Lolemba lake mphinizo zinakakhuzika pa mphepete ya tebulo ndipo ziwiri zinatukusira. Sindikuwaimba mlandu mayi anga. Pa anthu onse amene ndinawadandaulira kunja kwa chipatala, iwo okha ndiwo anakhulupirira kuti ndikumva kuwawa.

Lamulungu lina pakati pa Okutobala ndinkakonzekera kupita ku tchalitchi. Ndinabereka Tiyamike, ndinamanga nsalu pachifuwa monga ndakhala ndikuchitira, ndinakoka, ndipo m'maganizo mwanga mfundo inali yolimba. Zala sizinandiuze kuti sizinagwire kanthu. Nditatsika pakhonde nsalu inamasuka. Mwana anatsetsereka, nagunda pakamwa pa njerwa ya sitepe. Mlomo wapansi unang'ambika. Chipsera chilipo mpaka lero, chaching'ono, ndipo ndimachiona nthawi iliyonse pomusambitsa.

Amuna anga anamunyamula, namupukuta magazi ndi malaya awo oyera. Mwana atatonthola, anandiyang'ana.

“Amake Tiyamike, mawa simupita ku ofesi. Akafuna kukuchotsani akuchotseni.”

Lolemba ndinakatenga kalata yonditumiza ku Chipata. Lachiwiri ndinakwera minibasi ya m'mawa, mwana ndinamusiya ndi alamu anga. Pachipatala chachikulu munthu amayamba ndi mzere wa khadi, kenako mzere woyezetsa thupi ndi kuthamanga kwa magazi, kenako benchi ya pakhomo la adokotala. Pabenchi timasendera pang'onopang'ono, wakutsogolo akalowa onse n'kusuntha. Pafupi nane panali bambo wina wothyoka mwendo pa ngolo, ndi mayi wina wotupa khosi. Anandifunsa chimene ndadzera. Ndinaonetsa dzanja losatupa, lopanda bala lenileni, ndipo manyazi aja anafuna kubweranso. Tsiku limenelo achipatala anangonditenga magazi, kuyeza shuga ndi zina. Ndinagona kwa msuweni wanga masiku atatu kudikira zotsatira. Zonse zinatuluka bwino.

Lachisanu ndinaonana ndi adokotala. Anagogoda ndi chala pamfundo ya dzanja langa, ndipo ndinamva ngati moto wathamangira kunsonga za zala. Anandiuza kupinda manja onse awiri kwa mphindi imodzi. Lamanja linachita dzanzi mphindiyo isanathe. Anandibaya pang'ono ndi kasingano pa chala chilichonse, maso nditatseka. Pa zala zitatu sindinamve. Pomaliza anaika zikhatho zanga ziwiri pamodzi patebulo n'kundionetsa chimene ine sindinachione miyezi yonseyo: mnofu wa patsinde pa chala chachikulu cha kumanja unali utaphwa, pali kadzenje.

Anafotokoza kuti pamfundo ya dzanja pali kanjira kopapatiza kamene mumadutsa minyewa yopinda zala pamodzi ndi mtsempha wopereka mphamvu ndi kumva ku zala zitatuzo. Dzanja likamagwira ntchito imodzimodzi kwa maola ambiri litapindika, likukanikiza, minyewayo imatupa n'kufinya mtsemphawo. Anandiuza ndikhale pampando ndiwaonetse mmene ndimagwirira ntchito. Ndinakweza phewa, ndinatambasula mkono, ndinapinda dzanja.

“Maola angati pa tsiku?”

“Asanu.”

“Mukanabwera mu Juni, tikanangokuuzani kutsitsa tebulo ndi kupuma. Panopa mtsempha wavulala. Tiyesa kuupulumutsa, koma sindikulonjezani kuti zonse zibwerera.”

Anandibaya jakisoni pamfundo pomwepo wochepetsa kutupa. Anandipatsa chomangira cholimba choti dzanja lizikhala lowongoka, makamaka pogona. Analemba masabata asanu ndi limodzi osagwira mausi, osafinya, osasinja, osanyamula ndowa. Kenako ananditumiza ku chipinda cholimbitsira ziwalo.

Kumeneko ndinapeza mayi wina wachikulire, namwino wa ntchito imeneyo, wolankhula mosazungulira. Ataona mphini zija anangozitsuka. Anandikhazika patebulo lake n'kundiphunzitsa zinthu zimene katswiri wa ku Lusaka akanatha kundiuza m'mphindi zisanu. Ndinazilemba ndi dzanja lamanzere, zilembo zokhotakhota ngati za mwana wa giredi wani. Chigongono chikhale pafupi ndi nthiti, chitapindika ngati ngodya ya chitseko. Tebulo lisapitirire msinkhu wa chigongono munthu atakhala. Mfundo ya dzanja ikhale yowongoka, isatsamire pa chinthu chakuthwa. Mausi ikhale pafupi ndi kiyibodi, ndipo poiyendetsa uziyenda mkono wonse, osati kupotokola dzanja lokha. Theka la ola likatha, munthu aimirire, atambasule zala. Anatinso mausi yabwino ndi imene imadzaza chikhatho, yopangidwa mopindika kutsata dzanja, kuti zala zizingogona pamwamba pake, osati kaching'ono kochita kutsina.

“Muziigwira ngati mwanapiye. Mukamuthina afa, mukamutayirira athawa.”

Ndinamuuza kuti yathu siyenda popanda kuikanikiza. Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi ake.

“Ndi litsiro limenelo, mwanawe. Kalaliki wathu amatsuka yake ndi kamtengo ka machesi Lachisanu lililonse. Imatseguka ndi zala ziwiri.”

Ndinali ndi mkwiyo woti ndikanatsegula pakamwa ndikanalira, ndipo sindinafune kulira pamaso pa odwala anzanga.

Masabata asanu ndi limodzi amenewo ndinakhala pakhomo. Ndinaphunzira kudya, kupesa ndi kuyatsa moto ndi dzanja lamanzere. Alamu anga ankandimangira mwana kumbuyo. Matewera ankachapa amuna anga kuseri kwa nyumba, ndipo aphunzitsi anzawo atadziwa anayamba kuwatchula kuti a hedi a matewera. Iwo ankangoyankha kuti mayeso ake ndi a tsiku lililonse ndipo sanalepherepo. Katatu pa tsiku ndinkachita zimene namwino uja anandionetsa: kutsegula ndi kutseka zala pang'onopang'ono, kukhudza nsonga ya chala chilichonse ndi chala chachikulu, kutola nyemba imodzi imodzi kuchotsa m'mbale kuika m'mbale ina. Sabata yoyamba nyemba zinkangogwa. Sabata yachitatu ululu wa pachigongono unatha. Sabata yachinayi ndinamva kuzizira kwa madzi pa chala chapakati, koyamba kuchokera mu Ogasiti.

Pa nthawi imeneyo panachitika zinthu zitatu zimene ndikufuna zilembedwe.

Choyamba, a Tembo anayesa kumaliza mapu okha. Anagwira masiku awiri, chiimirire, ndipo tsiku lachitatu anafundika kompyuta nsalu, akudandaula phewa. Anandiuza ndi mlonda wa pa ofesi.

Chachiwiri, ananditumizira kalata yoti ndikapanda kubwerera pofika sabata yoyamba ya Disembala, malo anga apatsidwa wina.

Chachitatu ndi chimene chinanditsegula maso. Lole yokumba inabwera kumayambiriro kwa Novembala. Mapu a mu kompyuta anali asanathe, anatsala 19. Kapitawo wa okumba sanafunse n'komwe za kompyuta. Anatenga mapepala aakulu aja ojambula ndi manja, anawapinda n'kuika m'thumba, nalowa m'midzi, ndipo pofika pamudzi ankayenda ndi eni mudzi kukaloza malo. Mjigo wa kwa mayi anga unakumbidwa ine ndili pakhonde kutola nyemba. Mapu amene ndinawonongera dzanja langa anali okakongoletsa lipoti la kumapeto kwa chaka. A Tembo ankadziwa zimenezi pamene ankanditchulira mayi anga ndi madzi a m'dambo.

Ndinabwerera ku ntchito Lolemba loyamba la Disembala, dzanja lili m'chomangira. Sindinapite ndekha. Ndinatenga a Jere, kalipentala wa pamsika, ali ndi sowo yawo. Ndinaika kalata ya adokotala patebulo la a Tembo n'kuwauza kuti tebulo lija lidulidwa miyendo lero.

“Popanda chilolezo cha ku Lusaka?”

“Ndapempha katatu, Bwana.”

“Mukadula, mwadzichotsa nokha ntchito.”

A Jere anayang'ana a Tembo, anayang'ana ine, kenako anati, “Ine ndadzera miyendo ya tebulo, za anthu mukambirane nokha.” Tinatsitsa kompyuta n'kuiika pamkeka mosamala. Ndinakhala pampando, a Jere anayeza kuchokera pansi kufika pachigongono changa, nadula masentimita 37 pa mwendo uliwonse. Mphepete yakuthwa ija anaipala mpaka inakhala yosalala. Tinabwezera zonse, bokosi ndinalisendeza pafupi kuti chingwe cha mausi chifike pambali pa kiyibodi. Mizere yofiira ija inatsala poyera, yopanda kanthu mkati.

Kenako ndinatembenuza mausi. Ndi dzanja lamanzere ndinapotola kachivundikiro kaja, kampira kanagwera m'chikhatho. Mkati munali timagudumu titatu, kalikonse katakulungidwa ndi litsiro lakuda losakanikirana ndi ulusi wa thonje, louma ngati chingamu. Ndinalipala ndi kamtengo ka machesi. Ntchito yonse inatenga mphindi zinayi. Nditabwezera kampira, kamuvi kanayenda nditangokhudza ndi nsonga za zala. Litsirolo ndinalikulunga m'kapepala, lili m'chikwama changa.

A Tembo anandilembera kalata yochenjeza tsiku lomwelo, yonena kuti ndawononga katundu wa bungwe. Anatumizanso uthenga ku Lusaka kuti katswiri abwere adzaone zimene ndachita. Kwa masiku asanu ndi anayi ndinkapita ku ntchito osadziwa ngati ndidzafika nayo Khirisimasi. Ndinkajambula mapu otsala ndi dzanja lamanzere, theka la ola, n'kuimirira. A Tembo ankasuzumira pakhomo, ine n'kumawayang'ana, iwo n'kubwerera.

Katswiri atafika analowa m'chipinda changa a Tembo ali pambuyo pake, pepala la milandu yanga lili m'manja. Anakhala pampando wanga, anayatsa kompyuta, anayendetsa mausi. Anaitembenuza, anatsegula, anasuzumira.

“Watsuka ndani?”

“Ine.”

“Muzitero sabata iliyonse, kuno n'kwa fumbi. Nanga chawonongeka n'chiyani?”

A Tembo analoza miyendo ya tebulo. Katswiriyo anawerama, naona podulidwa, naona mizere ya penti, ndipo nkhope yake inasintha.

“Ili ndi tebulo lija la chithunzi? Mwakhala mukugwirira pamenepa kuyambira Epulo? Bwanji simunanene?”

Ndinati ndinalemba makalata atatu. Anati ku Lusaka sikunafike kalata iliyonse. Tonse awiri tinatembenukira kwa a Tembo. Iwo anati ofesi yodandauladandaula amailanda zinthu, ndipo iwo sanafune kuti kompyuta ya Chadiza ipite ku boma lina. Makalata anga onse atatu anali m'dilowa, pamodzi ndi kalata ija ya chipatala ya mu Seputembala.

Katswiriyo anapepesa. Ndinalandira, koma ndinamuuza kuti m'masiku awiri amene anandiphunzitsa anandionetsa kuyatsa, kuzimitsa ndi kufundika nsalu, zonse zoteteza makina, ndipo sanatchulepo ngakhale chimodzi choteteza munthu wokhala pamakinapo. Sanatsutse. A Tembo sanapepese mpaka lero. Ntchito sanandichotse, koma kalata yochenjeza ija ikadali mu fayilo yanga. Akuti inalembedwa kale ndipo siingafufutidwe.

Tsopano tili mu Febuluwale 1999. Dzanzi latha pa chala chapakati ndi chamkombaphala. Ululu umabwera ndikachita mwano n'kupitirira nthawi. Chala chachikulu chikadali chofooka: sindingathe kulowetsa ulusi pasingano, kumanga mabatani aang'ono a malaya a mwana, kapena kutsegula botolo la mafuta. Khasu sindinaligwire dzinja lino. Ndimagona ndi chomangira. Mausi ndimasinthanitsa manja, ndipo pansi pa mkono ndimaika kapilo kamene alamu anga anasoka ndi chidutswa cha chitenje n'kuikamo thonje. Mwana ndimabereka ndekha, koma mfundo ndimamanga kawiri ndipo ndimapempha wina aikoke ndisanatsike pakhonde.

Makompyuta akubwera m'maofesi a kumidzi, ndipo amene adzakhalepo ambiri ndi makalaliki, anthu osazolowera kuyankha abwana awo. Kwa iwo ndikunena izi. Tsiku loyamba yezani tebulo ndi chigongono chanu. Likakhala lalitali, lidulidwe kapena mpando ukwere. Mausi ikayamba kukakamira, tsegulani mutsuke, musaikanikize. Ngati pali mwayi wosankha, pemphani yodzaza chikhatho. Zala zikayamba kuyenda nyerere, kapena mukadzuka m'mawa dzanja lili dzanzi masiku angapo otsatizana, pitani kuchipatala sabata yomweyo, ndipo mukawauze ntchito imene mumagwira ndi mmene mumakhalira. Kalata ya chipatala muikopere, ina musunge kunyumba. Munthu wina akakuuzani kuti ntchito yanu ndi yopepuka poyerekeza ndi ya kumunda, muvomere kuti ya kumunda ndi yolemetsa, kenako mupitebe kuchipatala. Ine ndinachedwa miyezi inayi, ndipo adokotala anandiuza pamaso kuti miyezi imeneyo ndiyo inasandutsa vuto la tebulo kukhala vuto la mtsempha.

Dandaulo langa ndalitumiza ndekha ku Lusaka kudzera pa positi, osati m'thumba la makalata la ofesi. Ayankha kuti atumiza munthu kudzamva mbali zonse ziwiri mvula ikatha, ndipo galimoto yomweyo idzabweretsa mausi yaikulu yopindika imene katswiri analonjeza. Izo zisanachitike, sabata yachiwiri ya Malichi ndikubwerera ku Chipata. Adokotala adzaikanso zikhatho zanga ziwiri pamodzi patebulo. Akapeza kuti mnofu wa patsinde pa chala wayamba kudzaza, ndidzapitiriza ndi chomangira ndi nyemba. Akapeza kadzenje kali momwemo, adzang'amba pamfundo kuti amasule mtsempha, ndipo anandiuza kale kuti ndipite ndi bulangete ndi munthu wondidikirira.